Mendulo Imapita kwa Amene Anaonedwa: Nanga Kuno ku Neno Akuona Ndani?

Loweruka lapitali kalabu yathu inakumana pa Boma monga mwa nthawi zonse. Mlangizi wathu, amene anaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za pulayimale m'boma lino asanapume pa ntchito, anatiyankhula za mendulo zimene mayiko amapereka kwa anthu wamba olimba mtima. Ambiri amene simunabwere munapempha kuti mawuwo tiwaike pano. Tawalemba monga anawayankhulira.

Zikomo wapampando. Amfumu amene mwatilemekeza pobwera, makolo, ndi inu ana anga, anyamata ndi atsikana, ndakupatsani moni nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Mafoniwo ayambe apuma kaye, koma musawabise patali, chifukwa nkhani ya lero iwakhudza.

Mlembi wanu atabwera kunyumba kudzandiuza mutu wa lero, ndinaseka. Ndinati, mwana wanga, ine mendulo imene ndinaigwirapo ndi ya mpikisano wothamanga wa ana a sukulu, nayonso sinali yanga, ndinkangoveka ena. Koma atapita ndinakhala pakhonde n'kukumbukira chinthu china chimene chakhala chikundivuta mumtima kwa zaka zambiri. Ndiyambira pamenepo.

Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kumtunda kuno. Ana ambiri ankawoloka kamtsinje pobwera ndi popita. M'chilimwe kamtsinjeko umangolumpha, nsapato osanyowa. Tsiku lina mu Febuluwale mvula inagwa kumapiri, ife kusukulu kuli ng'aa, dzuwa. Ana ataweruka anapeza madzi adzadza, ofiira, akuthamanga. Akuluakulu anawoloka atagwirana manja. Kamnyamata kena ka Sitandade 3 kanatsatira, kanaterereka, madzi n'kukatenga.

Panali mayi wina akuchokera kumunda, khasu paphewa, mwana kumbuyo. Mayiwo sanakuwe, sanalumphiremo. Anathamangira kumunsi pamene mtsinje umakhota, anamasula mwana n'kumugoneka pa udzu, anagona chafufumimba m'mbali mwa mtsinje, dzanja limodzi atagwira muzu, linalo n'kuponya nsonga ya chitenje. Kamnyamatako kanaphonya koyamba. Kachiwiri kanagwira. Anakakoka mpaka kumtunda, anakakalipira kwambiri, anabereka mwana wawo ndi chitenje chonyowacho, anatola khasu, ulendo wa kunyumba kukaphika.

Ine ndinamva nkhaniyi m'mawa mwake kwa ana. Ndinapita kukawathokoza pakamwa, basi. Sindinalembe kalata kwa wina aliyense. Sindinalembe ngakhale m'buku la sukulu. Lero kamnyamata kaja ndi bambo wa ana ake, koma dzina la mayi aja ine ndinaliiwala. Mphunzitsi wathunthu, choko ndi cholembera m'thumba, kulephera kulemba mizere isanu. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndi umene wandibweretsa pano.

Tsopano, mendulo n'chiyani? Ndi kachitsulo kokhala ndi kansalu. Mutapita nako pa msika, sindikhulupirira kuti mungagule nako thumba la feteleza. Mtengo wake uli pa mawu amene dziko limanena pokuveka. Dziko limati: tinaona zimene unachita, ndipo tikufuna ana athu adziwe. Ndiye gwirani mawu amenewa, tinaona. Ndikutengerani m'mayiko angapo, muone kuti paliponse pamene mendulo inaperekedwa, panali wina amene anaona n'kukanena.

Kale mendulo za kulimba mtima zinali makamaka za asilikali. Ku Britain, mu 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndege za Germany zinkaponya mabomba mu London usiku ndi usiku. Amene ankafukula anthu m'nyumba zogumuka ndi kuzimitsa moto ambiri anali anthu wamba. Mfumu George VI inaona kuti anthu amenewa akufunika ulemu wawo, ndipo mu Seputembala chaka chimenecho inakhazikitsa mendulo yotchedwa George Cross. Mu 1942 mendulo imeneyi inaperekedwa kwa anthu onse a pa chilumba cha Malta chifukwa cha kupirira kwawo, ndipo mpaka lero ili pa mbendera ya dziko lawo. Mu 2021, nthawi ya Covid-19, inaperekedwa ku bungwe la zaumoyo la dzikolo, kulemekeza anamwino, madokotala ndi onse ogwira ntchito m'zipatala.

Ku India kuli ulemu wa ana okhaokha, a msinkhu wanu ndi ocheperapo. Unayamba chonchi. Pa 2 Okutobala 1957, mu mzinda wa Delhi, anthu ambiri anali mu tenti yaikulu kuonerera masewero, ndipo nduna yaikulu ya dzikolo, Jawaharlal Nehru, inali pomwepo. Tenti inagwira moto. Mnyamata wa zaka 14, wa gulu la ma Scout, dzina lake Harish Chandra Mehra, anakwera mzati n'kudula nsalu yoyakayo moto usanafalikire. Anapsa manja, koma anthu anapulumuka. Nehru anaona ndi maso ake, ndipo kuchokera pamenepo dziko la India linayamba kulemekeza ana olimba mtima chaka ndi chaka. Mudzifunse: Nehru akanakhala kuti tsiku limenelo sanabwere, dzina la mnyamatayu tikanalitchula lero pa Neno Boma?

Wina ndi amene ena mwa inu munamuona pa mafoni. Pa 26 Meyi 2018, mu mzinda wa Paris ku France, mwana wa zaka zinayi analendewera pakhonde la nyumba yosanjikizana, pa nsanjika yachinayi. Mnyamata wa zaka 22 wochokera ku Mali, Mamoudou Gassama, anakwera khonde ndi khonde ndi manja okha mpaka kumugwira mwanayo, pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Mnyamatayu analibe mapepala okhalira m'dzikomo. Inu amene muli ndi achimwene ku Joni mukudziwa moyo wa munthu wopanda mapepala, amayenda chozemba, sakonda kuonekera. Koma wina pansi anajambula kanema. Patangopita masiku awiri, Pulezidenti Emmanuel Macron anamuitana ku nyumba ya boma. Anapatsidwa mendulo, anapatsidwa unzika wa France, analowa m'gulu la ozimitsa moto. Kukwerako kunali kwake, koma chimene chinamufikitsa kwa pulezidenti ndi foni ya munthu amene anaima pansi.

Ku South Africa komweko kuli ulemu wotchedwa Order of Mendi for Bravery, umene pulezidenti amapereka kwa nzika zimene zaika moyo wawo pachiswe populumutsa ena. Dzinali linachokera ku sitima yapamadzi yotchedwa Mendi, imene inamira pa 21 Febuluwale 1917 pafupi ndi gombe la England. Anthu oposa 600 anafa, ambiri a iwo anthu akuda amene ankapita kukagwira ntchito ku nkhondo. Boma la azungu la nthawi imeneyo silinawalabadire. Nkhani yawo inasungidwa ndi anthu a kwawo, pakamwa, mpaka boma la demokalase linadzaitenga n'kuiika pa mendulo. Zinatenga zaka zoposa 80, koma zinatheka chifukwa panali osunga nkhaniyo.

Nanga kwathu kuno? Nafenso tili ndi njira zathu zolemekezera. Mu 1967 boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa ulemu wa Order of the Lion of Malawi, umene mtsogoleri wa dziko amapereka kwa anthu amene atumikira dziko mwapadera. Tili ndi tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale, ndi tsiku lokumbukira ofera dziko pa 3 Malichi. Ulemu wina mumayenda nawo m'thumba. Amene ali ndi K50 aitulutse. Nkhope imeneyo ndi ya Inkosi ya Makhosi Gomani II, wa kwa anansi athu ku Ntcheu, amene mu 1953 anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atsamunda n'kumuchotsa pa ufumu. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, amene anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Anthu amenewa sanali asilikali. Analimba mtima, ndipo nkhani zawo zinalembedwa.

Koma taganizani za Malichi 2023, namondwe wa Freddy. Neno inali m'gulu la maboma amene boma linalengeza kuti agwa m'ngozi. Ku Blantyre matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, chimodzimodzi. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross anagwira ntchito yaikulu, tisawaiwale. Koma oyamba kufika pamalo anali anansi, ndi makasu, mafosholo, ena manja okha, akukumba mvula ili mkati, phiri likadagumukabe. Ndani pano angatchule dzina la mmodzi wa iwo? Mwaona, chete. Ganizaninso za kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuno sanatilambalale. Panali alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka a m'midzi amene ankanyamula odwala pamene ena tinkaopa ngakhale kugwira chitseko cha nyumbayo. Tikukumana nawo pa msika tsiku ndi tsiku, tikungowadutsa.

Kuno ndi kutali, ana anga. Msewu wathu mukuudziwa mmene umakhalira mvula ikayamba. Mtolankhani wa ku Blantyre kuti akhote pa msewu waukulu n'kukwera mpaka pa Boma pano, ndiye kuti kwachitika zoopsa. Zabwino zathu sizimuitana. Ngati ife eni ake sitilemba, palibe adzalembe.

Pali mtundu wina wa kulimba mtima umene ndi wovuta kuposa kulimbana ndi madzi kapena moto, ndiwo kuima pamaso pa gulu la anthu okwiya. Ku Kenya, mu Disembala 2015, zigawenga za al-Shabaab zinaimitsa basi yopita ku Mandera n'kulamula kuti Asilamu apatukane ndi Akhristu, cholinga aphe Akhristuwo. Asilamu a m'basimo anakana. Mmodzi wa iwo anali mphunzitsi, Salah Farah. Anawomberedwa, ndipo anamwalira m'chipatala ku Nairobi mwezi wotsatira. Mu 2016 Pulezidenti Uhuru Kenyatta anamupatsa ulemu wa Order of the Grand Warrior atamwalira kale.

Ndaitchula nkhani imeneyi dala. Mwezi womwewo umene mphunzitsi ameneyu anamwalira, Januwale 2016, dzina la Neno linamveka m'dziko lonse pa nkhani yochititsa manyazi. M'dera la Mfumu Yaikulu Dambe mtsikana anafa ndi mphezi, ndipo gulu la anthu linapha okalamba anayi powaganizira kuti ndi mfiti. Amfumu, pepani kuti ndadzutsa nkhani yowawa, koma ana awa ena anali aang'ono, ayenera kuidziwa. Mphezi imagwa chifukwa cha mitambo, ndipo kuno kumapiri imagwa chaka chilichonse. Lamulo la dziko lino likuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma pamene gulu latentha, lamulo limakhala kutali, pafupi pamakhala iwe ndi pakamwa pako. Tsiku lina zidzachitika pamaso panu. Akhoza kukhala agogo, akhoza kukhala mnyamata amene akuti waba mbuzi kapena njinga yamoto. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamenepo wolimba mtima ndi amene amathamanga kukadzutsa amfumu, amaimbira apolisi, amaitana akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti, amalowetsa agogowo m'nyumba n'kuima pakhomo pamodzi ndi anzake. Ndati pamodzi ndi anzake, mwamva? Ukakhala wekha amangokukankha. Mukakhala khumi, ndipo ena mwa okwiyawo ndi amalume anu, manja amayamba kulemera.

Apa ndiyeneranso kukuchenjezani, makamaka anyamata, chifukwa ndikuona maso ena awala kale. Mendulo zambiri za mtundu umenewu zimalandiridwa ndi mkazi wamasiye kapena mayi wolira, mwini wake ali kumanda. Ine sindikufuna kudzayenda kumbuyo kwa bokosi la wina wa inu ati chifukwa anali ngwazi. Mvula yayandikira. Lisungwi adzadza, Wamkulumadzi adzadza, timitsinje tonse ta m'mapiri timene mumatipeputsa tidzadza. Kumusi kuli Shire, ndipo Shire ali ndi ng'ona zake. Ndiye mverani.

Munthu amene akumira sadziwa mbale. Ukamuyandikira amakukwera pamutu, mumira nonse. Choyamba kuwa, anthu abwere. Chachiwiri mufikire uli kumtunda: nsungwi, nthambi yaitali, chingwe, chitenje. Gona pansi pomukoka, kapena wina akugwire miyendo, chifukwa ukaima amakugwetseramo. Ngati ali patali, muponyere chinthu choyandama. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimamuthandiza munthu kuyandama. Kulowa m'madzi n'komalizira, ndipo ndi kwa amene anaphunzira. Madzi othamanga ofika m'mawondo okha amagwetsa munthu wamkulu, kaya ndiwe katswiri wa mpira. Nyumba ikamayaka, utsi ndi umene umapha msanga, ndiye yenda chokwawa, ndipo ukatuluka usabwereremo chifukwa cha katundu. Munthu akagwidwa ndi magetsi usamugwire ndi manja. Zimitsa kaye, ndipo waya wa ESCOM ukagwa pansi, thamangitsa ana onse, iwenso ukhale patali.

Mwaona tsopano chifukwa chake mayi aja ndimawatcha ngwazi yeniyeni? Anachita zonsezi popanda kuwerenga buku. Anagoneka khanda pabwino, anagona pansi, anagwira muzu, anaponya chitenje. Anthu atatu anali pa mtsinje paja, ndipo atatu onse anakagona kunyumba.

Ndiye ndikupemphani zinthu zitatu, ndipo wapampando muzilembe.

Choyamba, kalabu ino igule buku lachikuto cholimba, la hadikava. Ndalama yake ndiyamba ndine, ndapereka kale kwa msungichuma. M'bukumo muzilemba anthu a m'boma lino amene apulumutsa moyo wa mnzawo. Mulembe tsiku, malo, chimene chinachitika, ndi mboni zosachepera ziwiri zimene zinaona, amfumu a m'mudzimo atsimikize. Musakometse nkhani. Ngati madzi anali a m'chiuno, musalembe kuti anali a m'khosi, chifukwa bodza limodzi lidzaipitsa buku lonse. Muyambe ndi agogo anu, muwafunse zakale, muli nkhani zambiri m'midzimu zimene zikupita kumanda pamodzi ndi eni ake. Ndipo musanaike dzina kapena chithunzi cha munthu pa Facebook kapena pa WhatsApp, mupemphe kaye. Amene anateteza woganiziridwa ufiti mwina akukhalabe pakati pa anthu amene anawaletsa aja, mukhoza kumuika m'mavuto. Wopulumutsidwayo nayenso ali ndi ulemu wake, makamaka akakhala mwana.

Za mafoni ndinene pomwepa. Ndayamikira amene anajambula Gassama, inde. Koma ngati pamalopo uli wekha, kapena manja akuchepa, foni ikhale m'thumba, kapena uimbire nayo thandizo. Kujambula munthu akumira iwe uli ndi nsungwi pafupi, umenewo ndi usatana. Umboni umabwera moyo ukapulumuka.

Chachiwiri, kamodzi pa chaka tizikhala ndi tsiku lowerenga bukulo pagulu, pa Boma pano. Tidzaitana mafumu, a ofesi ya achinyamata, a kwa DC, khansala ndi phungu. Sitifunika golide. Satifiketi yolembedwa bwino, m'manja mwa amfumu, anthu akuwomba m'manja, amayi akululutira, imeneyo ndi mendulo ya Neno. Nkhani zimene zaposa zonse tidzazilembera kalata n'kukapereka ku ofesi ya DC, kupempha kuti zikafike kumene mayina a olandira ulemu wa dziko amasankhidwa. Mwina adzayankha, mwina ayi. Koma asadzanene kuti ku Neno sikunachokere dzina.

Chachitatu, mvula isanakhazikike, komiti ipite ku Red Cross kapena kuchipatala kukapempha munthu woti adzatiphunzitse chithandizo choyamba: mmene ungathandizire munthu wovuulidwa m'madzi amene sakupuma, mmene ungaletsere magazi, mmene unganyamulire wothyoka. Atsikana musakhale kumbuyo pa zimenezi. Ngwazi yanga ija inali ndi mwana kumsana. Ndipo inu amene mumakhala kufupi ndi madooko amene ana a sukulu amawolokera, kasiyeni nsungwi yaitali ndi chingwe pa nyumba yapafupi, eni nyumbayo adziwe ntchito yake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsamba loyamba la bukulo ndikupempha mundisiyire. Sabata yamawa ndikwera njinga yamoto kupita kumudzi kuja, ndikafunse amfumu ndi okalamba mpaka ndipeze dzina la mayi aja. Ngati ali moyo, ndidzabwera nawo pano mudzawaone. Ngati anatisiya, tidzaitana ana awo, adzamve pagulu zimene mayi awo anachita. Amene akufuna kundiperekeza, awiri okha, mmodzi wodziwa kulemba bwino, aonane nane tikatha.

Zikomo amfumu, zikomo makolo, zikomo ana anga. Wapampando, ndabweza.

Atatha kuyankhula, mamembala anagwirizana kuti bukulo ligulidwe mwezi uno ndipo lizisungidwa ndi mlembi. Ngati mukudziwa munthu wa m'mudzi mwanu amene anapulumutsapo moyo wa wina, musalembe dzina lake m'makomenti. Bwerani nalo ku msonkhano wa Loweruka, kapena muuzeni wa komiti amene muli naye pafupi.